Christ Church ya ku Oxford: tikiti njodula, koma chokoma chenicheni salipiritsa

Ngati mwafika ku Oxford ndipo m'thumba muli ndalama yolowera koleji imodzi yokha, lowani ku Christ Church. Ndikutero ngakhale tikiti yake ili yowawa, ngakhalenso muzikapanikizana ndi alendo a mitundu yonse onyamula mafoni m'mwamba. Kungoti malowa ali ndi kaonedwe kake. Mukangothamangira kujambula holo yodyera n'kutuluka, ndalama yanu mwaitaya.

Ine ndinaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale mpaka kupuma, ndipo ndinakulira mu mpingo wa Anglikani ku Nkhotakota. Ndatchuliratu zimenezi kuti mudziwe maso amene ndinaonera malowa. Ku England ndinapita kukacheza kwa mwana wanga wamkazi, namwino, ndipo ndi iye anagula matikiti pa intaneti. Amakupatsani ola lanu lolowera, ndiye muguliretu, makamaka m'miyezi yotentha.

Kwa amene sanafikeko: Oxford ilibe mpanda umodzi woti muloze kuti yunivesite ndi iyi. Pali makoleji opitirira 30 omwazikana m'tauni, iliyonse ndi chipata chake, tchalitchi chake, holo yake yodyera ndi chuma chake. Wophunzira amagona, kudya ndi kukumana ndi mphunzitsi wake ku koleji, koma mayeso ndi digiri n'za yunivesite. Christ Church ili mumsewu wa St Aldate's, ndipo simungaiphonye chifukwa cha nsanja yake. Pachipata cha pansi pa nsanjayo pamaima alonda ovala zipewa zakuda zozungulira, aulemu kwambiri, koma alendo a matikiti salowera pamenepo. Mumatsetsereka pang'ono ndi msewu, n'kukhotera kumanzere kudutsa m'kamunda ka maluwa, mpaka ku dambo la kuseri komwe kuli malo olandirira alendo. Kumeneko amakupatsani kachipangizo kokhala ndi mahedifoni, kamene kamakufotokozerani malo alionse mukafikapo. Kamagwira bwino ntchito, mawu ake ndi omveka, ndipo sikatalikitsa nkhani. Kamasankha zokoma zokhazokha, monga amachitira mwininyumba aliyense polandira mlendo. Zinazo ndikuuzani ndine.

Choyamba chimene chimakuimitsani ndi masitepe okwerera ku holo. Kwezani mutu. Denga lonse ndi la miyala yosemedwa, yotambasuka kuchokera pa chipilala chimodzi chowonda chapakati, ntchito ya cha m'ma 1640. Anthu ambiri pamenepa sayang'ana m'mwamba. Amayang'ana masitepe enieniwo, chifukwa anajambulirapo mafilimu aja a ana ophunzira ufiti kusukulu. Mdzukulu wanga anakuwa kuti, "Agogo, ndi pompano!" Ndinangomuyankha kuti kwathu mwana wophunzira ufiti sitimugulira tikiti, mayi ake n'kundigwira pamkono kuti ndikhale chete.

Holoyo inatha kumangidwa mu 1529 ndipo mpaka lero amadyeramo. Ichi ndiye chinandigwira mtima kuposa denga lake la matabwa kapena zithunzi zodzaza makoma. Matebulo ataliatali anali oyalidwa kale, mbale, matambula ndi tinyale tili m'mizere, fungo la chakudya likuchokera kukhitchini. Nthawi ya nkhomaliro amatseka kuti ophunzira adye, ndiye posankha ola lanu onetsetsani kuti holo ikhala yotsegula. Ena amadandaula ndi kutsekaku. Ine ndimaona kuti n'chimene chikupereka mtengo ku tikitiyo, chifukwa mukulowa m'nyumba yomwe eni ake akukhalamo. Mumayenda mumzere, kulowera mbali ina n'kutulukira ina, osakhala pansi, osakhudza mbale.

Kumapeto, pamwamba pa tebulo la akuluakulu, pali chithunzi cha Mfumu Henry VIII pakati, ataima mwamatama, ndipo pambali pake pali Kadinala Thomas Wolsey atavala zofiira, akuyang'ana cham'mbali. Mbiri yonse ya kolejiyi ili pa anthu awiriwa. Wolsey anali mwana wa munthu wamba wa ku Ipswich, amati bambo ake anali ogulitsa nyama, koma anakwera mpaka kukhala wachiwiri kwa mfumu m'zonse. Mu 1525 anayamba kumanga koleji yoti ipose ena onse, n'kuitcha Cardinal College. Ndalama anazipeza potseka nyumba zing'onozing'ono za amonke ndi masisitere, Papa atavomereza, kuphatikizapo ya St Frideswide yomwe inali pamalo pomwepa. Anayambira khitchini ndi holo, moti anthu ankamuseka kuti wayamba koleji koma wamaliza malo odyera. Kenaka Henry anafuna kuthetsa ukwati wake ndi Catherine wa ku Aragon, Wolsey analephera kumupezera chilolezo kwa Papa, basi zake zinathera pomwepo. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Mu 1529 analandidwa udindo ndi katundu, chaka chotsatira anamwalira ali paulendo wokayankha mlandu. Henry anatenga kolejiyo n'kuipatsa dzina lake mu 1532, ndipo mu 1546 anaikhazikitsanso monga Christ Church, koleji ndi likulu la dayosizi ya Oxford pamodzi. Choseketsa n'chakuti chizindikiro cha koleji mpaka pano ndi chipewa cha kadinala. Muchipeza pa zitseko, pa mbale, ngakhale pa makapu a m'sitolo ya alendo. Mfumu inalanda nyumba, koma chipewa cha mwini wake sichinachoke.

M'holo yomweyi Mfumu Charles I anachititsiramo nyumba ya malamulo yake mu 1644, pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni, pamene anathawa ku London n'kudzakhala pakolejiyi. John Locke, katswiri wa maganizo a ufulu ndi ulamuliro, anali wa pano mpaka 1684 pamene Charles II analamula kuti achotsedwe. Albert Einstein anakhalapo kangapo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Koma chimene kolejiyi imadzitama nacho kwambiri n'chakuti inatulutsa nduna zazikulu za Britain 13. Chiwerengerocho amachitchula monyadira, alendo n'kugwedeza mitu n'kupitirira. Ine ndinaima, chifukwa mwa anthu 13 amenewo muli mayina omwe ndinawalemba pa bolodi kwa zaka zambiri.

Wina ndi Lord Salisbury. Mu Januwale 1890, asilikali a Apwitikizi motsogozedwa ndi Serpa Pinto atamenyana ndi Amakololo ku Shire, Salisbury anatumiza mawu ku Lisbon kuti achotse asilikali awo, apo ayi ubale watha. Amishoni a ku Scotland anali akumukakamiza kuti Blantyre isagwe m'manja mwa Apwitikizi. Portugal inagonja, ndipo mu 1891 dziko lathu linalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain, Harry Johnston n'kukhala mkulu woyamba wa boma la atsamunda. Kuti ife kusukulu tinaphunzira Chingelezi pomwe abale athu a kutsidya kwa malire, ku Angonia ndi ku Milange, anaphunzira Chipwitikizi, gwero lake lina ndi bambo ameneyu. Tauni ija agogo athu ankapitako kukagwira ntchito n'kumaitcha ku Halale, Azungu anaipatsa dzina lake, Salisbury.

Wina ndi Alec Douglas-Home. Ndiye anali nduna yaikulu pamene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha pa 31 Disembala 1963, ndiponso pamene mbendera ya Malawi inakwera pa 6 Julayi 1964. M'zaka za m'ma 1950 anali nduna yoona za mayiko a Commonwealth, ndipo chitaganyacho ankachikonda. Pakolejiyi anaphunzira mbiri yakale n'kukhoza m'gulu lachitatu, zomwe ine monga mphunzitsi wa phunzirolo sindingazisiye osazitchula. Onjezanipo Alan Lennox-Boyd, yemwe sanafike pa unduna waukulu koma anali nduna yoyang'anira maiko a atsamunda pa 3 Malichi 1959, tsiku limene anthu anaphedwa ku Nkhata Bay ndipo Dr Banda anamangidwa. Nayenso anali wa pa Christ Church. Kulowa kwa atsamunda kwathu, kuuma mtima kwawo ndi kutuluka kwawo, ponsepo panali munthu amene ali mnyamata ankadya pa matebulo amenewa.

Sindikunena izi kuti mukalowe ndi mkwiyo. Kolejiyi inatulutsanso nduna zazikulu William Gladstone ndi Robert Peel, ndi anthu ambiri a maphunziro amene sanalamulirepo aliyense. Koma khalidwe lake kwa zaka mazana linali limenelo, sukulu ya ana a mabanja olemera omwe ankadziwiratu kuti adzalamulira. Lord Rosebery, winanso mwa 13 aja, atauzidwa kuti asankhe pakati pa maphunziro ndi kavalo wake wa mpikisano, anasankha kavalo n'kuchoka wopanda digiri, koma unduna waukulu anaupezabe. M'bwalo la Peckwater, lomwe mumadutsa chakumapeto, anyamata a kalabu ina ya olemera anaswapo mazenera mazanamazana usiku umodzi ataledzera, mu 1894. Akazi anayamba kulandiridwa mu 1980, zaka zoposa 450 chiyambire, ndipo mkulu wa koleji woyamba wamkazi, Sarah Foot, anakhala pampando mu 2023. Ophunzira amene ndinawaona akudutsa ndi njinga ndi zikwama anali a khungu losiyanasiyana, ndipo palibe amene ankaoneka wa kavalo. Zinthu zasintha ndithu. Kachipangizo kaja kakanawonjezerako pang'ono za maiko amene anthu a pano anawalamulira, sikakanachepetsa ulemu wa malowa. Bwenzi alendo ochokera ku Africa ndi ku India, omwe analipo ambiri tsikulo, akumva kuti nkhaniyi ndi yawonso.

Mukatsika ku holo mumatulukira ku Tom Quad, bwalo lalikulu kuposa la koleji ina iliyonse mu Oxford. Pakapinga sapondapo. Yang'anani makoma: muona mizere ya miyala yokhota, ndi matsinde a zipilala pansi. Wolsey ankafuna khonde lofolera lozungulira bwalo lonse, anagwa asanalimange, ndipo palibe amene analimaliza. Patha zaka pafupifupi 500 zizindikirozo zili pomwepo. Pakati pali dziwe la nsomba ndi chifanizo cha Mercury. Nsanja ya pachipata anaikonza ndi Christopher Wren, yemwe anamanganso St Paul's ku London, ndipo inatha mu 1682. M'menemo muli belu lotchedwa Great Tom, lolemera matani oposa 6, lomwe linachokera ku nyumba ya amonke ya Osney. Usiku uliwonse nthawi ikangopitirira 9 koloko ndi mphindi 5 limalira ka 101, kuwerenga ophunzira 100 oyambirira ndi mmodzi amene anawonjezedwa mu 1663. Kale chinali chizindikiro choti aliyense alowe, zipata zikutsekedwa. Mphindi 5 zija n'chifukwa chakuti Oxford ili chakumadzulo kwa Greenwich ku London, komwe nthawi ya dziko lonselo imawerengedwera, ndiye dzuwa limafika mochedwerapo, ndipo kolejiyi sinasiye nthawi yake yakale pamene sitima zapamtunda zinachititsa dziko lonse kutsata wotchi imodzi. Beluli simusowa tikiti kuti mulimve. Mungoima mumsewu.

Tchalitchi ndiye malo amene alendo ambiri amangodutsamo. Ndi la koleji, komanso ndi mpando wa bishopu wa Oxford, ndipo lili m'gulu la matchalitchi a mabishopu ang'ono kwambiri mu England, chifukwa Wolsey anagumula mbali ya kumadzulo kuti bwalo lake likwane. Amene munapempherapo mu St Peter's pa Likoma mudzadabwa kuti lathu lija ndi lalitali kuposa ili. Koma zipilala zake ndi za m'zaka za m'ma 1100, ndipo pangodya iliyonse pali nkhani. Pali zenera la cha m'ma 1320 losonyeza kuphedwa kwa Thomas Becket, bishopu amene anakana kugonjera Mfumu Henry II. Henry VIII analamula kuti zithunzi za Becket zifafanizidwe, ndiye apa anangochotsa nkhope yokha n'kuikapo galasi wamba. Thupi lagwada, asilikali akweza malupanga, nkhope palibe. Pali manda a St Frideswide, mwana wamkazi wa mfumu, amene anathawa ukwati n'kuyambitsa nyumba ya masisitere kuno, woyera mtima wosunga mzinda wa Oxford. Anaphwanyidwa mu 1538, ndipo zimene mukuona ndi zidutswa zomwe anazitolera n'kuzilumikiza pambuyo pake.

Nkhani ya mafupa ake njovuta kwa munthu wa kwathu. Mayi wina dzina lake Catherine, yemwe anasiya usisitere n'kukwatiwa ndi mphunzitsi wa Chipulotesitanti Peter Martyr, anaikidwa pafupi ndi woyerayo. Mfumukazi Mary atabwezeretsa Chikatolika, mtembo wa mayiyo unafukulidwa n'kukatayidwa kudzala. Elizabeth atalowa ufumu, akuluakulu a tchalitchi anatola mafupa ake n'kuwasakaniza ndi a Frideswide m'manda amodzi, kuti aliyense wofuna kunyoza wina adzanyoze onse awiri. Ife amene timavula nsapato polowa kumanda tingaone kuti n'zamalodza, koma nzeruyo inagwira ntchito. Palibe anawafukulanso.

Pansi pali mwala wokumbukira John ndi Charles Wesley, oyambitsa mpingo wa Methodist, omwe anaphunzira pano n'kudzozedwa m'tchalitchi lomweli. Ndiponso ndi muno momwe Thomas Cranmer, bishopu wamkulu wa Canterbury, anavulidwa zovala zake za unsembe chimodzichimodzi mu 1556, asanakamutenthe ku Broad Street, mtunda woyenda mphindi zochepa.

Cranmer ameneyu ndiye anakonza dongosolo la mapemphero a madzulo amene mpingo wathu umatsata mpaka lero, ndipo apa ndi pomwe pali malangizo anga enieni. Mukatha kuzungulira ndi tikiti yanu, musakwere sitima. Pitani mukamwe tiyi m'tauni, ndipo 6 koloko ikamayandikira bwererani ku chipata chachikulu chija cha pansi pa nsanja. Auzeni alonda kuti mwabwera ku mapemphero a madzulo. Amakulowetsani osalipira kanthu, pachipata chomwe masana munabwezedwa, ndipo mumadutsa Tom Quad muli anthu owerengeka. Mapemphero nawonso amayamba mochedwa ndi mphindi 5 zija. Kwaya yake inayamba m'masiku a Wolsey, mphunzitsi wake woyamba anali John Taverner mu 1526, ndipo anyamata ang'onoang'ono amaimba pamodzi ndi akuluakulu. Masiku ena amaimba ndi atsikana, omwe tsopano ali ndi kwaya yawo. Tchalitchi pokhala laling'ono, mumakhala pafupi moti mumamva kupuma kwa oimba. Salimo, nyimbo ya Mariya, nyimbo ya Simeoni, chikhulupiriro cha Atumwi, mapemphero a mtendere ndi a chitetezo cha usiku, zonse m'ndondomeko imene ndinaidziwa ndili mwana, moti ndinkadziwa poimirira ndi pogwada osayang'ana papepala. Si zangozi. Mpingo umene unafika ku Magomero mu 1861, kenaka ku Likoma ndi ku Nkhotakota, unali wa UMCA, umene anauyambitsa ndi anthu a mayunivesite a Oxford ndi Cambridge David Livingstone atawalankhula mu 1857. Tauni yomwe inatipatsa Salisbury inatipatsanso zimenezi, ndipo ine sinditha kulandira chimodzi n'kukana kuti chinacho chinachitika.

Kuimba kwawo n'kosiyana ndi kwathu, zimenezo ndivomere. Palibe ng'oma, palibe kugwedeza thupi, mpingo umangomvetsera, umaimba nawo nyimbo imodzi kapena osaimba n'komwe. Mwana wanga anati, "Ababa, ine ndikanagona." Mdzukulu anagonadi. Koma ngakhale simuli Mkhristu, mphindi 45 zimenezo n'zimene zimakuonetsani chifukwa chake nyumbazi zinamangidwa. Musajambule, ndipo foni muzimitse.

Za maondo: masitepe a ku holo ndi amiyala, otakata, osatsetsereka kwambiri, ndipo ine ndi ndodo yanga ndinakwera bwinobwino. Pansi m'malo ambiri ndi miyala yakale yosalingana, nsapato zazitali zidendene zisiyeni kunyumba. Ulendo wonse wa tikiti ndi wa ola limodzi kapena limodzi ndi theka ngati mukuwerenga zolembedwa pa makoma. Mipando yopumira ilipo m'tchalitchi. Kuchokera ku London Paddington sitima imatenga pafupifupi ola, ndipo kuchokera pa siteshoni ya Oxford ndi ulendo wapansi wa mphindi 15 kapena 20.

Sitolo ya alendo ili ndi makapu, matawulo, mabuku ndi timitengo ta afiti aja. Ndinagula khadi la chithunzi cha zenera la Becket basi. Palinso nyumba ya zojambula za akatswiri akale a ku Italy, zambiri mwa izo zinaperekedwa ndi mkulu wa asilikali John Guise mu 1765. Imeneyo ili ndi khomo lake ndi malipiro ake, ndipo ndi ya anthu okonda zojambula, ana angatope nayo.

Dambo la kuseri, Christ Church Meadow, n'laulere masana onse. Njira yake imakufikitsani kumtsinje wa Thames komwe ophunzira amapalasa mabwato a mpikisano, n'kuzungulira m'mbali mwa mtsinje wa Cherwell. M'katimo mumadya ng'ombe za koleji, za nyanga zazitali zokhotera pansi, zonenepa mochititsa nsanje. Tengani chakudya chanu mukadyere kumeneko, chifukwa malo odyera a pafupi ndi chipata mitengo yake ndi ya alendo, ndipo banja la anthu anayi lingawononge pa nkhomaliro ndalama yoposa ya matikiti.